Dzanja Lamanja la Bambo Kachingwe

Ntchito yanga yoyamba ku Dublin inali yosamalira odwala m'makomo mwawo. Ndinaipeza nditakhala nthawi yaitali kuhositelo ya anthu opempha malo, kudikira chilolezo chogwira ntchito. Kwathu ndinali wosunga katundu m'sitolo ya zitsulo ku Lilongwe, ndipo ndinali ndisanasambitsepo munthu wamkulu. Chilolezo chitatuluka, mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti kampani ina ya ku Coolock ikufuna amuna, chifukwa odwala ena aamuna amakana kusambitsidwa ndi akazi. Ndinachita kosi ya chisamaliro, ndinaphunzira kudzutsa munthu osadzithyola msana, apolisi anafufuza mbiri yanga, kenako anandipatsa yunifomu, bokosi la magolovesi, maapuloni apulasitiki ndi foni yosainira pofika ndi pochoka panyumba ya wodwala.

Wondiyang'anira anali nesi wa konkuno, dzina lake Orla, mayi wolankhula mwachangu koma wosabisa mawu. Atandiitana ku ofesi anati, "Ndili ndi munthu wakwanu ku Ballymun. Wathamangitsa kale anzako awiri. Akuti amamuwotcha."

"Ndi madzi?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndi manja."

Anatenga pepala n'kujambula mutu wa munthu. Pakatikati pa ubongo anajambula tinthu tiwiri tonga mazira a nkhunda, kena kumanzere, kena kumanja. Anati malo amenewo amatchedwa thalamasi. Mauthenga ochokera m'maso, m'makutu ndi pakhungu amayamba afika pamenepo asanakwere kumtunda kwa ubongo, kumene munthu amazindikira chimene chamuchitikira. Mkati mwa dzira lililonse muli timagulu ta maselo, kalikonse ndi ntchito yake. Anaika kadontho chakumbuyo, cham'mbali, n'kunena kuti kagulu ka pamenepo madokotala amakatchula ndi zilembo zitatu, VPL. Kameneko kamalandira za khungu la thupi, mikono ndi miyendo: kukhudza, kutentha, kuzizira, ululu. Za nkhope zimapita ku kagulu koyandikana nako. Ndipo mitsempha imapingasana panjira, choncho kagulu ka kumanzere kamamvera mbali ya kumanja ya thupi.

"Sitiroko yawo inagwera apa, kumanzere," anatero. "Kamtsempha kakang'ono ka magazi kanatsekeka. Malo owonongeka ndi ochepa ngati nyemba. Poyamba mbali ya kumanja inachita dzanzi. Patapita miyezi, dzanzi linasanduka moto. Dzanja ukaliona ndi labwinobwino, koma ululuwo ndi weniweni. Usadzaganize kuti akunamizira. Ndipo kumanja kwawo usakugwire popanda kuwauza."

Ndinapinda pepalalo n'kuika m'thumba. Sindinamvetse zonse tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Ballymun. Ananditsegulira chitseko ndi Mayi Kachingwe, mayi wamfupi, atavala kale jekete la kuntchito. Ankakolopa maofesi ku Citywest, ulendo wodutsa mzinda wonse. Amuna awo anali pampando pafupi ndi hita, mbali ya kumanja itayang'ana kukhoma. Anali munthu wamtali, wa imvi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Malaya anavala chotembenuza, misoko ili kunja. Dzanja lamanja linagona pa pilo ngati khanda.

Ndinakumbukira mawu a Orla, ndipo ndinatambasula dzanja langa lamanzere. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Dedza, bambo. Ndine Mbewe."

"Ku Dedza anayamba liti kupereka moni ndi dzanja la kuchimbudzi?"

"Abambo, mlendo wangofika kumene," anatero mayi aja.

"Ndikumuphunzitsa, aNaphiri. Awiri aja anandiwotcha. Uyu wabwera kudzanditukwana."

Ndinabweza dzanja, ndinawerama pang'ono n'kuomba m'manja monga timachitira kwa akulu. Iwo anaika lamanzere pachifuwa n'kugwedeza mutu. Umenewo unakhala moni wathu.

Ntchito yake inali ya pang'onopang'ono. Ndikafika ndinkayamba kutseka zenera ndi kuyatsa hita ya kubafa, chifukwa kamphepo kozizira kankawalasa ngati singano. Shawa sitinkaigwiritsa ntchito. Ankati timadontho take tili ngati mafuta otentha a chipisi. Ndinkawakhazika pampando wosambira n'kuthira madzi ndi jagi. Madziwo ndinkawayesa ndi kachipangizo koyezera kutentha, chifukwa khungu lawo la kumanja silikanandiuza zoona ngati madzi atenthetsa. Popukuta sindinkakhula. Ndinkaika thaulo, kukanikiza, kuchotsa, n'kuika pena. Povala, mkono wodwala umalowa poyamba. Povula, umatuluka pomaliza. Powadzutsa ndinkawamanga lamba wogwirira m'chiuno n'kuima kumanzere kwawo, iwo atagwira ndodo ya miyendo inayi. Pabedi panali chitsulo chopindika ngati khola la anapiye, chokweza bulangete kuti lisakhudze phazi. Mankhwala ankabwera atapakidwa kale ku famase; yanga inali kuwakumbutsa ndi kuona kuti ameza. Panado sankagwira. Mapiritsi a dokotala ankachepetsa motowo pang'ono, koma ankawapatsa tulo masana, ndipo ankadana nawo.

Tsiku lina ndikuwathira madzi pamsana anati, "AMbewe, mukudziwa ndinkagwira chiyani ndili mnyamata? Ndinali pa swichibodi ya matelefoni paboma pa Ntcheu. Munthu akaimba, kanyali kayaka, ine n'kutenga chingwe kumulumikiza kwa amene akufuna. Tsono swichibodi yanga ya m'mutu muno yapsa chingwe chimodzi. Aliyense woimba kuchokera kumanjaku, ngakhale akungoti mwadzuka bwanji, akumulumikiza kwa ozimitsa moto."

Ndinaseka. Iwonso anaseka, kenako anasiya. Pepala la Orla ndinalimvetsa tsiku limenelo.

Mtsikana wa mafizo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo anationetsa chinthu chimene chinandidabwitsa. Anafunditsa manja ake pa hita, anawachenjeza, n'kugwira dzanja lodwala lija zolimba, osasuntha. Bambo Kachingwe anatseka maso n'kupuma mwamphamvu, koma sanakuwe. Kenako anangodutsitsa kathonje pamkono pawo, ndipo anadumpha mpaka pilo anagwa. Anatifotokozera kuti kwa anthu ambiri a matenda amenewa, choipitsitsa ndi kukhudza kopepuka, kusisita, ndi chinthu chozizira. Kugwira zolimba ndi dzanja lofunda kumapwetekabe, koma ndi ululu woti munthu angaupirire. Ndili pa basi pobwerera ndinaganiza kuti chifundo chathu chomwe n'chimene chinkawazunza. Munthu akamvera wodwala chisoni amagwira mopepuka, n'kumasisita.

Patapita milungu ndinazindikira kuti panyumbapo sipankabwera alendo. Zinandidabwitsa, chifukwa dzina la Kachingwe ndinkalimva ndili kuhositelo. Asanadwale ankalondera nyumba zosungiramo katundu ku Coolock, koma pakati pa Amalawi anali munthu wamkulu. Mlendo akafika mumzinda ankamulozera kwa iwo. Maliro akagwa, iwo ndiwo ankaima pakhomo kulandira anthu ndi kulankhula m'malo mwa banja. Atatuluka m'chipatala anthu anabwera ambiri, monga timachitira. Aliyense ankawagwira chanza. Ena ankawasanjika manja powapempherera. Iwo sakanapereka lamanzere, ndipo sakanauza anthu kuti moni wawo ukuwapweteka. Choncho analamula kuti chitseko chitsekedwe. Kutchalitchi ndinkamva ena akuti a Kachingwe ayamba matama atapeza mapepala. Ena ankanong'ona zoti kumudzi awatumizira zinthu. Ine ndinkakhala chete, chifukwa za wodwala sitinena panja.

Ndinawafunsapo kamodzi chifukwa chake osangowauza anthu.

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti Kachingwe akulira ndi chanza? Akanati dzanja latupa, kapena lafota, anthu akanaona okha. Ili lili ngati la munthu wodya bwino. Adzati nkhalamba yapenga."

Mayi Kachingwe anandiuza zawo tsiku lina m'khitchini, ndikutsuka jagi. Analankhula motsitsa, maso ali pa ketulo. Anati moto utangoyamba, iwo anachita zimene mkazi aliyense wakwathu akanachita. Anatenthetsa madzi, anaviika kansalu kuti awathowe, kenako anatenga mafuta kuti awasisite mkono. Amuna awo anakuwa n'kuwakankha mpaka anagwera pa kabati.

"Chikwatiranireni sanandikwezerepo dzanja, achimwene. Anapepesa. Ndikudziwa kuti ndi matenda, adokotala anandiuza. Koma manja angawa akuopa. Ndimadutsa kumanzere kwawo ngati ndikulambalala chitsime."

Ndinawauza za mtsikana wa mafizo uja, zoti agwire zolimba ndi manja ofunda. Anapukusa mutu. Anati sangapirire kumvanso mfuu imene ija ikuchokera m'manja mwawo.

Mu Januwale, nyengo imene kunja kumada msanga ndipo madzi amauma m'misewu, ndinafika m'mawa wa Lachisanu n'kupeza Mayi Kachingwe atakhala pansi pabalaza, atafunda chitenje pamwamba pa jekete. Mayi awo a Bambo Kachingwe anali atamwalira kumudzi, ku Ntcheu. Anali okalamba kwambiri. Mwana wawo woyamba anali iwowa, ndipo anali asanawaone chichokereni kwathu. Mapepala oyendera tsopano anali nawo, koma thupi silikanatheka. Munthu amene malaya okha ankamuwotcha sakanakhala pa ndege usiku ndi usana, wina akumukhula paphewa. Mwambo woika maliro unali wa mawa lake.

Bambo Kachingwe sanalire. Anandilola kuwasambitsa. Ndikuwaveka malaya anati, "Mawa chitseko chitsegulidwe. Anthu abwere."

"Bambo, akabwera adzafuna kukugwirani chanza."

"Ndiye abwerera chiyani?"

"Mwina tiwauze kuti azingoomba m'manja, monga timachitira ine ndi inu."

"AMbewe, manda sindikumba. Bokosi sindinyamula. Dothi sindiponya. Ang'ono anga achita zonsezo. Chimene chanditsalira ndi kukhala pampando ndi kulandira pepani wa anthu m'malo mwa mayi anga. Mukufuna ndichitenso chimenecho ndi dzanja la kuchimbudzi?"

Ndinatuluka pakhonde n'kuimbira Orla. Ndinkayembekeza kuti aletsa. Anamvetsera, kenako anati, "Mutu wawo ukuyenda bwino, ndipo dzanja ndi lawo. Sindingaletse munthu kulira mayi ake. Uwauze zoona, kuti motowo ukhoza kukula masiku angapo. Akanenabe kuti inde, ntchito yako ndi kuchepetsa chimene chingachepe. Mapiritsi amwe monga mwa masiku onse, osawonjezera."

Ndinawauza zoona. Anati inde. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti andilole kuima pakhomo ndi kuuza aliyense wolowa mawu ochepa. Anavomera.

"Muwauze kuti agwire zolimba, asasisite. Basi. Za swichibodi musanene."

Vuto lina linali kuzizira. Anthu akanafika kuchokera ku basi manja ali ngati nsomba za m'firiji, ndipo sindikanaimika munthu wamkulu pa hita ngati mwana wa sukulu. Ndinaganiza za kwathu, kuti pochokera kumanda timapeza madzi pakhomo, aliyense n'kusamba asanalowe. Palibe amene amafunsa chifukwa chake.

Loweruka shifiti yanga inali ya m'mawa wokha. Nditamaliza ndinasaina pafoni, ndinavula yunifomu, ndinavala malaya akuda, n'kukhala ngati Mmalawi wobwera kumaliro. Ndinawaveka malaya oyera, ndipo tsiku limenelo anakana kuvala chotembenuza. Anandiuza kuti nditembenuze mpando, mbali ya kumanja iyang'ane kuchitseko. Pilo anati ndichotse. Pakhomo ndinaika beseni pa kampando, jagi yathu yosambira ija, ndi mathaulo amene ndinayanika pa hita. Ketulo inali pamoto, ndipo madzi ndinkawasakaniza ndi kuwayesa monga ndinkachitira kubafa.

Chakumasana mng'ono wawo anaimba kuchokera kumanda, foni itaimikidwa pa thebulo kuti tione. Chithunzi chinkaduka-duka. Tinaona dothi lofiira, chimanga chobiriwira kuseri, maambulera, ndi bokosi likutsika. Kenako netiweki inathawa. Bambo Kachingwe anayang'ana foni yakudayo nthawi yaitali.

Anthu anayamba kufika. Woyamba anali a Tembo, mnzawo wa ku Zambia amene ankalondera naye limodzi, munthu wamkulu thupi ndi mawu.

"Kumudzi akuchokera kumanda," ndinatero. "Tisambe."

"Eh, mwachita bwino, mudala. Kuno tinaiwala izi." Anatambasula manja, ine n'kuthira. "Madzi ofunda! Maliro a ku Ulaya."

Ndinawapukuta ndi thaulo lofunda n'kunong'ona, "Mugwire zolimba, musasisite."

Anandiyang'ana, koma sanafunse. Analowa, anagwada bondo limodzi, n'kugwira dzanja lija ndi manja awo awiri aakulu. "Pepani, akulu. Pepani." Ndinaona nsagwada za Bambo Kachingwe zikulimba. Anayankha, "Zikomo, aTembo. Mwabwera." A Tembo anati, "Mwatitsekera chitseko chaka chonse, lero tabwera ndi nsapato zomwe." Pakamwa pa Bambo Kachingwe panagwedera ngati akufuna kumwetulira.

Zinapitirira choncho. Amayi a kwaya, anyamata ogwira ntchito m'nyumba za okalamba atavala mayunifomu mkati mwa majekete, ophunzira a ku yunivesite amene Bambo Kachingwe anawalandirapo atangofika. Ndinkathira, kupukuta, kunong'ona. Beseni likadzadza ndinkakataya kubafa. Amayi anakhala pansi mbali imodzi ndi Mayi Kachingwe, amuna pamipando ndi m'makoma. Nyimbo zinayamba motsitsa chifukwa cha oyandikana nawo. Ndikasuzumira mkati ndinkaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, kolala itanyowa, koma dzanja linkakwerabe kwa aliyense. Ena amene ankanena za matama aja ndinawaona akugwada nawo.

Kenako kunafika mayi wina wachikulire wa kwawo ku Ntcheu, amene ankawadziwa malemuwo kuyambira ali mtsikana. Anayamba kulira ali pa masitepe. Munthu wobwera akulira sumuimitsa pakhomo kuti asambe. Ndinatambasula jagi, koma anandidutsa, manja ali kumutu, akuitana dzina la malemu. Anagwa pamapazi pa Bambo Kachingwe, anakumbatira mkono wamanja ndi manja ake ozizira, n'kuyamba kuusisita kuchokera paphewa mpaka kuzala. "Mwana wanga, mwana wanga, watsala wekha kuchilendo."

Bambo Kachingwe anakuwa. Inali mfuu yaitali, yochokera pansi pa mimba, mutu utagwera kumbuyo. Anthu anamva mwana akulira mayi ake. Nyumba yonse inabuma. Amayi analira mokweza, amuna anaweramitsa mitu, ndipo mayi wachikulire uja anasisita kwambiri pofuna kuwatonthoza. M'chipinda chonsecho tinali awiri okha amene tinadziwa chimene mfuuyo inali.

Ndinali ndisanaike jagi pansi pamene Mayi Kachingwe anadzuka. Anadutsa pakati pa anthu, anagwira mayi uja m'mapewa n'kumudzutsa mwaulemu. "Bwerani kuno, amayi, mudzakhale ndi ine." Anamukhazika pakati pa amayi anzake n'kumufunditsa chitenje.

Ndinagwada kumanzere kwa mpando. Mlomo wa Bambo Kachingwe unali ukutuluka magazi pamene anadziluma. Mkono unkanjenjemera wokha. Ndinawapukuta pakamwa n'kunong'ona, "Bambo, tilekere pomwepa. Mwalandira ambiri. Ndikupititseni kuchipinda."

Anapuma kangapo asanayankhe.

"Panja patsala anthu?"

"Alipo pamasitepe."

"Abwera ndi basi m'chisanu muno. Alowe."

Ndinabwerera pakhomo. Ndinasintha madzi. Pothira, mawu aja ndinkawanena tsopano mosanong'ona. Otsalawo analowa mmodzimmodzi, ndipo aliyense analandiridwa ndi dzanja lamanja.

Kunja kutayamba kuda, anthu anayamba kutsanzika. A Tembo analankhula m'malo mwa banja, ntchito imene kale inali ya Bambo Kachingwe. Nyumba itatsala ya ife atatu, ndinanyamula beseni kuti ndikataye.

"Dikirani, achimwene," anatero Mayi Kachingwe. "Ine sindinapepese."

Anaima pakhomo pa nyumba yawo yomwe ngati mlendo, n'kutambasula manja. Madzi anali atazizira. Ndinapita kukatenga ena, ndinayesa, n'kuthira. Anasiya manja m'beseni nthawi yaitali. Ndinawapatsa thaulo lomaliza la pa hita.

"Zolimba?" anafunsa.

"Zolimba. Osasuntha."

Anapita n'kugwada kumanja kwa amuna awo, mbali imene anali asanaimeko miyezi yambiri. Bambo Kachingwe anawayang'ana. Dzanja linali litatopa, ndipo analikweza ndi lamanzere n'kulipereka. Mayi aja analigwira ndi manja awiri.

"Pepani, abambo."

"Zikomo, aNaphiri."

Sanalisiye. Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Bambo Kachingwe, mwakachetechete, koyamba chimvereni uthenga. Kaya inali ya mayi awo, kaya ya moto, kaya ya mkazi wawo, sindinafunse. Ndinanyamula beseni n'kukakhala kukhitchini.

Zimene Orla ananena zinachitika. Masiku otsatira moto unakwera. Sanathe kuvala malaya. Ankakhala atafunda nsalu yopepuka kumanzere kokha, hita ili pafupi. Kusamba kunali kwa theka la thupi. Dokotala anabwera n'kusintha mapiritsi. Tsiku lina ndikuwamanga lamba ndinawafunsa ngati akudandaula.

"Ndalira maliro a mayi anga, aMbewe. Nyamulani, tiime."

Chitseko sichinatsekedwenso. A Tembo ankabwera Lamlungu, ndipo ankapita okha kukhitchini kukafunditsa manja pa ketulo asanapereke moni, akudandaula kuti nyumba imeneyi ili ndi malamulo ngati bwalo la ndege. Mayi Kachingwe akabwera kuntchito ankakhala kumanja. Moto sunathe. Ndikunena zimenezi chifukwa ena amaganiza kuti chikondi chimachiritsa zonse. Kagulu ka maselo kaja sikanabwerere, ndipo dzanja linawapweteka mpaka tsiku lomaliza.

Chaka chisanathe sitiroko ina inawagwera, yaikulu. Anawatengera kuchipatala, kenako kunyumba yosamalira odwala, ndipo ine anandipatsa makomo ena. Ndinapita kukawaona kangapo. Sankalankhula. Ndinkaomba m'manja pakhomo pa chipinda, ndipo maso awo ankatembenuka. Anamwalira chisanu chitayambanso.

Tinasonkhana m'nyumba yomwe ija ya ku Ballymun. Nditakwera masitepe ndinapeza beseni lili pa kampando pakhomo, jagi yathu ili pambali, mathaulo ali pa hita. A Tembo ndiwo ankathira. Panalibenso dzanja loti lipse m'nyumbamo, koma madzi anali ofunda. Ndinasamba, ndinalowa, ndinagwada pamaso pa Mayi Kachingwe. Anandigwira dzanja zolimba, osasuntha.

Ntchito imeneyi ndikuigwirabe. Ndasamalira anthu ambiri, a konkuno ndi ochokera kwina, ena a sitiroko, ena oiwala, ena okalamba chabe. Achinyamata amene amandipatsa kuti ndiwaphunzitse amafuna kudziwa za lamba, za mpando wosambira, za foni yosainira. Ndimawaonetsa. Kenako ndimawauza kuti ululu umene suoneka usamautsutse, ndiponso kuti si ululu wonse umene munthu amafuna kuti umutchinjirize. Umamuuza zoona, iye n'kusankha, iwe n'kuchepetsa chimene chingachepe.

Ndikafika pakhomo la wodwala, ndisanavale magolovesi, ndimapita pa sinki n'kutsegula madzi ofunda. Ndimasiya manja pamenepo mpaka chisanu cha panja chitachoka. Kenako ndimalowa n'kufunsa mbali imene ndiime.